Mpunga umene ndinapatsa a Mwakalinga

Mwezi uno chakwana chaka chiikireni m'manda alamu anga, a Mwakalinga, akulu awo a malemu amuna anga. Pamaliro pawo ndinawerenga anthu. Ndimawerenga pamaliro aliwonse, kuti ndidziwe amene abwera kudzalira ndi amene abwera kudzasuzumira katundu wa m'nyumba. Tsiku limenelo kuwerenga sikunavute. Amayi a kumpingo anabwera asanu, anaimba nyimbo ziwiri ataima cha kunjira, osaponda pabwalo. Okumba manda anakana chakudya, ati akhuta. Mbiri yawo inawerengedwa m'mawu atatu: anabadwa, anagwira ntchito kufakitale, asiya mwana mmodzi.

Mwanayo ndi Tuntufye, amakhala ku Lilongwe. Akufuna kumanga chiliza, ndiye wanditumizira mawu kuti ndilembe zimene ndikukumbuka za bambo ake, m'Chichewa, poti ana ake Chinkhonde amangodziwapo mawu othokozera akuti "ndaga" basi. Kaya akufunadi mbiri, kaya akufuna kumva ngati ndalowerera malo a bambo ake, zimenezo akudziwa yekha. Ine ndilemba zimene ndinaona.

Anabwerera kuno ku Mwenilondo atapuma ntchito kufakitale ya shuga kummwera, kumene ankayang'anira maboyila, zimatanki zija zowiritsira madzi. Akazi awo anali atamwalira kale komweko. Anthu kuno ankawatcha Injiniya. Ine pepala la uinjiniyawo sindinalione, ndipo chimene sindinachione sindichivomera msanga. Ndinkaona pensulo kukhutu, chingwe cha mfundo pa mita iliyonse m'thumba la jekete, kachidutswa ka lata kodetsedwa ndi utsi wa kandulo, ndi kagalasi koyezera kutentha kamene ankakasunga m'sokosi yakale. Polemba ankalemba kumbuyo kwa makalendala. Chaka chikatha ankayenda m'masitolo kupempha makalendala otha ntchito, eni masitolo n'kumawaseka akatembenuka.

Akafika pakhomo pa munthu sankayamba ndi moni. Ankayamba ayang'ana denga, kenako dzuwa, kenako n'kuyandikiza kunja kwa dzanja lawo kukhoma osalikhudza, ngati mayi woyesa mwana wodwala malungo. Atatero ndi pamene ankati "Mwaghona." Ena ankati ndi mwano. Ine ndinkati munthu woyang'ana denga la mnzake akuwerenga malata.

Nkhani yawo inali imodzi, ndipo ndinaimva mpaka kuiloweza ndisakufuna. Ankati kutentha kumayenda njira zitatu. Kwina kumayenda m'chinthu, monga chikwanje chimene waiwala nsonga yake pamoto, pochitola chogwirira n'kukuwotcha. Kwina kumakwera mphepo. Koma kwachitatu, kumene iwo anadyera ntchito zaka zonse, sikusowa chokwera. Kumachoka pamoto n'kulunjika ngati kuwala, n'kukagwera pa chilichonse chimene chayang'anizana ndi motowo. Ankati chimene moto ukuchiona, ukuchitentha, kaya mphepo ikupita kuti.

Tsiku lina ndikuwotcha mapesi a mpunga kuseri kwa nyumba, anatola lichero langa n'kuliimika pakati pa nkhope yanga ndi moto.

"Alamu, mphepo yasintha?"

"Ayi."

"Moto wachepa?"

"Ayi."

"Nanga kutentha kumene kunali pamasaya panu kwapita kuti?"

"Bweretsani lichero langa, muliwotcha. Mudzagula lina inu?"

Anaseka mpaka kutsokomola. Anali ndi kuseka kwa munthu amene sasunga mangawa, ndipo kuseka kotero ine kumandiopsa kuposa tsinya.

Ndi mpingo anakangana pa malata. Tchalitchi chitafuna denga latsopano, achinyamata anafuna malata obiriwira moderako, aja amalowa m'dziko pamalire a Songwe, poti ndi amene ali m'fasho. A Mwakalinga anaimirira ndi kalendala yawo. Anafotokoza kuti lata lakuda limamwa pafupifupi dzuwa lonse limene laligwera, kenako n'kuyamba kulavulira kutenthako pamitu ya anthu okhala pansi, pamene lata lowala kapena lopaka njereza limabweza lambiri kumwamba. Anawerengera ndi maola amene dzuwa limagwera denga molunjika. Mkulu wina wa mpingo anawadula.

"Adada, nyumba ya Mulungu ioneke ngati khola la nkhuku chifukwa cha masamu anu?"

Anagula akudawo. Kufikira lero, mwezi wa Okutobala amayi amakomoka ulaliki uli pakati, anthu n'kumati asala kudya mopitirira. A Mwakalinga ankangokweza maso kudenga, n'kubwezanso m'buku la nyimbo.

Ndi ine anakangana pa nthochi. Amuna anga atangomwalira, ndinawapeza akuyeza khoma langa la kumadzulo ndi chingwe chija. Mawa lake anabwera ndi mbewu za nthochi zinayi n'kuzibzala mzere, ati zikakula zidzatchinga dzuwa la masana kuti ana asamagone m'ng'anjo. Kuno kwathu mkazi wamasiye amadziwa tanthauzo la mlamu woyeza pakhomo ndi chingwe. Ndinaona malire. Ndinazizula zonse tsiku lomwelo n'kukaziponya pakhomo pawo. Anangozitola n'kukabzala kwawo. Malo anga sanawatchulepo mpaka kufa, koma ine ndinkati akudikira nthawi.

Amene anawadziwa zaka zisanu ndi chimodzi zomalizira sangakhulupirire kuti anali munthu wolongolola. Pensulo inachoka kukhutu. Kutchalitchi ankakhala benchi lonse okha, ngakhale tsiku la Mgonero anthu atadzaza mpaka pakhomo. Kumsika wogulitsa usipa ankawauza kuti aike ndalama pansi, asamupatse m'manja. Ana akawaona panjira ankalowa m'munda wa chinangwa. Tuntufye, iwe unkabwera pa Khirisimasi n'kumati adada akalamba, asiya kucheza. Sikunali kukalamba. Chimene chinawatseka pakamwa ndi ichi.

Tinali ndi gulu la amayi khumi ndi mmodzi olima mpunga wa kilombero kudambo. Tikakolola, aliyense ankasankha ngala zabwino za mbewu, n'kuziika m'matumba olembedwa dzina lake, ndipo tinkasunga pamodzi kuopa amuna ogulitsa mbewu kukamwera mowa. Shedi yathu inali ya malata okhaokha, denga ndi makoma omwe, malata akale amene tinatola m'nyumba zogwa ndi chivomezi, ofiira ndi dzimbiri. Kiyi anapatsa ine. Wapampando wathu, NyaMsiska, ananena pamaso pa onse kuti ine NyaKayira sindikhulupirira ngakhale mthunzi wanga, ndiye mbewu ili pabwino. Matumbawo ndinawasanja kukhoma la kumbuyo, kutali ndi chitseko, otsamira malata, kuti ngakhale wina atapinda chitseko dzanja lake lisafike.

Chaka chimenecho mwana wa NyaMsiska, Lusekelo, amene amaombolera anthu katundu pachipata cha Songwe, anaumba njerwa za nyumba yake kuseri kwa shedi, poti dothi la pamenepo ndi labwino. Uvuni anaumanga pomwepo. Makomo ake oponyeramo nkhuni analoza kushedi, dala, kuti mwera uzikankhira utsi kwina.

M'mawa wa tsiku loyatsa, a Mwakalinga anafika ndi chingwe. Anyamata aganyu, alendo ochokera kutsidya kwa Songwe, anayamba kukuwa.

"Injiniya abwera ndi chingwe, bisani mbuzi!"

Iwo anatambasula chingwe chawo. Anayeza kuchokera pamakomo a uvuni kufika pakhoma la shedi. Mfundo zinayi. Anayeza kukula kwa khomo lililonse, kutalika kwa khoma la shedi, n'kukanda dzimbiri ndi chikhadabo. Kenako anaitana mwini wake.

"Lusekelo, mwana wanga, makomo awa akuyang'ana kuti?"

"Kushedi, adada. Utsi upita uko. Taganiza kale zonsezo, sawa?"

"Sindikunena utsi."

"Malawi safika apo. Ndipo chiyambire mwaonapo lata likuyaka?"

"Sindikunena malawi."

"Ndiye mukunena chiyani, mzimu wa moto?"

Anyamata aja anafa nalo phwete. A Mwakalinga anakhala pa njerwa yosweka, kalendala pabondo, n'kuyamba kulemba akulankhula mokweza monga ankachitira. Ine ndinaima pambali, maso pa loko wanga, makutu kwa iwo. Anati moto wa njerwa ukafika mtundu wa papaya lakupsa amadziwa madigiri ake, anauona zaka zambiri m'maboyila. Nambala imeneyo anaiwonjezera 273, ati kutentha kotere sakuwerenga kuyambira pamene madzi amaundana koma kuyambira pansi penipeni pamene kulibe kutentha kulikonse. Zimene anapezazo anazichulukitsa zokha kanayi. Apa anakweza chala kwa Lusekelo: moto ukakwera kawiri, chimene ukutumiza sichikwera kawiri, chimakwera kakhumi n'kasanu n'kamodzi, n'chifukwa chake moto wa uvuni sufanana ndi moto wowotchera chimanga. Kenako anawerengera gawo la khoma limene makomowo akuliona pa mamita anayi atayang'anizana maso ndi maso. Pomaliza anatchula dzimbiri. Lata latsopano likanabweza zambiri. Lofiira lija lidzamwa pafupifupi zonse.

Anajambula mzere pansi pa nambala yomaliza. Anati pofika mawa masana khoma lija munthu sadzatha kuligwira, ndipo lidzakhala choncho masiku atatu. Shedi sidzapsa. Mpunga sudzasintha mtundu. Koma mbewu ndi chinthu chamoyo, ili ndi kamwana m'kati, ndipo kamwanako kamafa ndi kutentha kochepa kwambiri kuposa kophikira, kamafa osanunkha.

Anapempha Lusekelo kuti aimike malata ake atsopano pakati, anali nawo mtolo wathunthu wodikira nyumba. Anati malata owala awiri kapena atatu, ataimikidwa motalikirana pang'ono ndi khoma, atchinga maso a moto.

"Malata anga atsopano ade ndi utsi ndisanakhome n'komwe? Pole, pepani adada. Pitani mukapume, dzuwa lakwera."

Ndiye anatembenukira kwa ine.

"Alamu, matumba ali mbali iti?"

"Ali m'kati."

"Akutsamira khoma ili?"

"Ali pamene ali."

"Tsegulani tiwachotse. Kwanga kuli chipinda chopanda kanthu, akhale masiku anayi okha."

Mawu akuti kwanga ndi amene ndinamva. Mbewu ya amayi khumi ndi mmodzi m'chipinda cha mwamuna amene ali ndi munda wake kudambo komweko.

"Kiyi anandipatsa ine, sanapatse inu."

"Chabwino, asapite kwanga. Ingowakokerani pakati, achoke pa lata."

"Nditsegule anyamata achilendo awa akuona? Awerenge matumba, adziwe loko amatseguka bwanji? Inu mudzalondera?"

"NyaKayira, wakuba amene ndikunena ine salowera pakhomo."

"Onse amatero."

Moto anayatsa. Tsiku lachiwiri masana ndinaona chinthu chimene anthu amachisekabe mpaka lero, ena amachinong'ona. Munthu wamkulu wa imvi akubwera m'njira atasenza chitseko cha nyumba yake pamutu. Anachizula yekha. Anachiimika pakati pa uvuni ndi shedi, n'kuchichirikiza ndi mtengo. Sichinathe ola. Chinkatchinga oponya nkhuni, ndiye anachikankhira m'dzenje lokumbamo dothi. Iwo anatsala pamenepo thukuta lili kamukamu, akugunditsa kagalasi kawo palata, akulozetsa kachidutswa kakuda kaja kumoto, akulemba. Anazungulira shedi ndi chingwe kawiri. Mudzi wonse unawaona. Ine ndinagwira chitseko cha shedi, mbali yosayang'ana uvuni, ndinamva kufunda kwa masiku onse. Kumbuyo sindinapite. Ndikanapita, ndani akanayang'ana loko?

Moto utazima ndinatsegula ndili ndi NyaMsiska. Matumba ali bwinobwino. Tinapisa dzanja, mpunga woyera, fungo lake lomwe lija. NyaMsiska anatuluka akuwomba m'manja.

"Kauzeni Injiniya abwere ndi mbale, mpunga wapsa!"

Anabweradi madzulo ake, opanda mbale. Anandipeza ndekha ndikusesa.

"Alamu, ndipatseni dzanja limodzi. La m'thumba limene linatsamira lata, cha kumbuyo kwake. Ndiyese ngati imera. Ikakhala yakufa, nthawi ikadalipo yofuna ina."

Ndinawauza kuti abwere mawa. Agogo anga anandiphunzitsa ndili mtsikana kuti mbewu yosafesa sapatsa munthu wa munda woyandikana nawe. Dzanja limodzi limakwana kupangira mfumba, mankhwala okokera zokolola za ena m'munda mwako, iwe n'kumakolola mankhusu. Ndipo munthuyu anali atazungulira kale shedi ndi chingwe. Kukana sindikanatha, anali akulu a amuna anga. Ndiye m'mawa ndinapita kuchigayo cha mpunga kumsewu, kumene anthu amayanika mpunga wawo podikira mzere. Ndinatapa dzanja limodzi pa mkeka wa mayi wina amene sindimudziwa, ndinamanga pakansalu, n'kukawapatsa. Ndinabwerera kunyumba ndikudziyamikira nzeru.

Anawerenga njere zana, anaziyala pachiguduli chonyowa, n'kumathirira m'mawa ndi madzulo. Sabata isanathe pafupifupi zonse zinatulutsa timizu toyera. Munthu wina akanakhala chete, akanataya chigudulicho kudzala. Iwo anachinyamula n'kubwera nacho pamsonkhano wathu wa gulu, anavula chipewa pamaso pa amayi.

"Amama, ndinalakwitsa. Mbewu yanu ili moyo, nayi. Fesani osaopa. Lusekelo mumuuze kuti ndapepesa."

"Yewo, adada," anatero NyaMsiska. "Ulendo wina mudzasenze ndi zenera lomwe."

Munali mu Novembala. Mbewu yabwino inali ikupezekabe kwa alimi a kumtunda. Panali amayi awiri amene mtima unkawagunda ndi mawu a Injiniya, anali atayamba kufunsafunsa. Atawona chiguduli chija analeka.

Masabata otsatira ndinkawaona kudzera pampanda. Makalendala atayala pamkeka, miyala pamakona, akubwereza masamu aja kuyambira pamwamba. Ankafufuza pamene analakwitsa. Anapitanso kukayeza malo a uvuni njerwa zitachotsedwa. Tsiku lina anandiitana pampandapo n'kunena kuti mwina mutu wayamba kutha, chifukwa nambala zikukana kusintha koma mpunga wamera, ndipo pakati pa nambala ndi mpunga wonama sangakhale mpunga. Ndinati zimachitika, ukalamba.

Mvula itagwa tinafesa nazale. Tinadikira masiku asanu, asanu ndi awiri, khumi. Mwa amayi khumi ndi mmodzi, awiri okha, amene matumba awo anali mzere wa kutsogolo, ndi amene anaona msipu. Enafe nazale zinali ngati mutu wa chipere, apa kamera, apo dothi. Tikafukula tinkapeza njere zatupa, zikuwola. Pamene tinkathamanga kufuna mbewu ina, yabwino inali itatha, yotsala inali yosakanizika, ndipo madzi kudambo anali atakwera kale. Ena anawokera mochedwa n'kukolola mankhusu. Minda inayi inagona. Chaka chimenecho amayi olima kilombero tinkapalira minda ya eni kuti atipatse makaka a chinangwa, ndipo mwana wamkazi wa mnzathu wina anasiya sukulu n'kukakwatiwa kutsidya.

Njala imafuna dzina la munthu. Nkhani sinapite kubwalo lililonse, inangoyenda pachitsime ndi pamaliro. Ndani anazungulira shedi ndi chingwe? Ndani ananeneratu kuti mbewu ifa, isanafe? Ndani anabwera yekha kudzatiuza kuti fesani, kuti tisafune ina? Munda wa ndani unabereka chaka chimenecho? Wawo unaberekadi, poti mbewu yawo ankasunga kwawo. Panatsala funso limodzi, ndipo NyaMsiska anandifunsa amayi onse ali pomwepo.

"NyaKayira, nenani zoona. Munthu uja munamupatsako mpunga m'manja?"

Ndinayang'ana nkhope zawo. Amayi anjala, ena ndi makasu m'manja. Kunena za kuchigayo kunali kunena kuti ndine ndinakana kusuntha matumba, ndine ndinawanamiza, ndine ndinawagoneka minda.

"Ndinawapatsa," ndinatero. "Dzanja limodzi."

Sindinaname liwu ngakhale limodzi. Amayi anangoti "Basi," n'kubalalika.

Sabata yomweyo anandipeza panjira ya kudambo, pamene panalibe munthu wina.

"Alamu, mpunga uja munautapa pati?"

"M'thumba."

"Thumba la m'shedi?"

Ndinayang'ana kumbali. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako nkhope yawo inamasuka, anamwetulira pang'ono, ngati munthu amene wapeza chinthu chimene anachifuna nyumba yonse.

"Ndiye kuti nambala zija zinali bwino," anatero, osati kwa ine kwenikweni. "Ndaga, alamu."

Anapitirira. Ine kumwetulira kuja ndinakumva ngati mpeni wobisa. Ndinati wandigwira, tsopano adzandigulitsa tsiku limene adzafune malo anga. Ndinayamba kudikira. Akalowa m'tchalitchi ndinkayang'ana ngati apempha kulankhula. Akaima ndi munthu panjira, ngakhale oima nawo anali ochepa, ndinkatuma maso kuona ngati akuloza kwathu. Tuntufye akabwera sindinkagona tulo tabwino mpaka atakwera basi. Zaka zisanu ndi chimodzi ndinalondera pakamwa pa munthu mmodzi, ndipo sipanatuluke kanthu. Miyala inagwa padenga lawo, mbuzi zawo ziwiri anazitema miyendo, mwana akadwala m'mudzi amayi ankayang'ana kunyumba kwawo. Iwo chete. Nyumba zatsopano zinamangidwa, mauvuni anayaka paliponse, palibe amene anawafunsa, ndipo iwo sanatulutsenso chingwe.

Atadwala komaliza ndinkawapititsira phala, poti panalibe wina. Ndinkaliika pakhomo. Tsiku lina masana anandiitana kuti ndilowe, mawu atatha kale. Ndinaima chapafupi ndi chitseko. Ndinafunsa chimene chinandidya zaka zonsezo.

"Bwanji simunanene?"

"Kunena chiyani?"

"Mukudziwa."

"Ine ndine mwamuna wokalamba, mwana wanga ali kutali. Amangondilambalala. Inu akanakutenthani m'nyumba, ndipo mumagona ndi adzukulu atatu."

"Ndiye mukufuna ndikupatseni chiyani?"

Anatseka maso. Ndinaganiza kuti akuwerengera mtengo wake. Anangoti, "Madzi, alamu. Phala lauma kukhosi." Ndinawapatsa, anamwa, anatembenukira kukhoma. Patapita masiku anayi anamwalira. Ngakhale pamenepo ndinadikira kuti mwina asiya kalata kwa abusa. Ndinafufuza m'makalendala onse Tuntufye asanafike. Munali nambala zokhazokha.

Mwezi watha, mawu a chiliza atafika, ndinapita kwa NyaMsiska. Amakhala m'nyumba ya njerwa zomwe zija, Lusekelo anamusiyira atamanga ina ku Songwe. Ndinamupeza akusankha nyemba pakhonde. Ndinamuuza zonse, kuyambira matumba otsamira lata mpaka mkeka wa kuchigayo. Anamvetsera osasiya nyemba zake.

"Mwatha?"

"Ndatha."

"Anzanga, mwayamba kulota masana. Mpunga uli m'thumba, m'shedi yotseka, moto uli uko, utsi ukupita kwina. Unaupha ndi chiyani, kuuyang'ana?"

"Eya. Ndi zimene ankanena."

"Ndiye mwana wanga ndi amene anatigoneka ndi njala? Mwabwera kudzanena zimenezo pakhonde pake?"

"Ndikunena ine. Ndine ndinakana."

Anaika lichero pansi n'kuyandikira, mawu atatsitsa.

"Munthu uja anali wokhwima, tonse tikudziwa. Wagona chaka m'manda koma akukulankhulitsani. Ndinu nokha munkalowa m'nyumba muja akudwala, anthu anaona. Mukabwereza zimenezi kwa wina adzati anakusiyirani zinthu zake. Muli ndi adzukulu, NyaKayira. Ine sindinamve kanthu."

Anatolanso nyemba zake. Sindinabwerezedi kwa wina. Ndalemba pano pokha, ndipo pepalali likafika ku Lilongwe sindikudziwa chimene lidzachite. Tuntufye akadzaliwerenga pachiliza, omvera adzakhala amayi asanu aja ataima kunjira, ndipo adzapita kwawo atatsimikiza zimene ankadziwa kale. Akadzalibisa m'sutikesi, ndiye basi. Njira zonse ziwiri bambo ake atsala mfiti.

Nyumba yawo ili pompo, kuseri kwa mpanda wanga. Chaka chathunthu palibe chimene chabedwa, m'mudzi umene chidebe sichigona panja. Malata ali onse, zenera lili ndi galasi lake, nkhuni zimene anatsala nazo zikudyedwa ndi chiswe pamene anazisiya. Njira imene inkadutsa pakhomo pawo popita kuchitsime yamera udzu, anthu anaswa ina yozungulira kumunda wa chinangwa, yotalika kawiri. Mango akugwa n'kuwolera pansi, ana akuwayang'ana ali patali.

Dzulo masana, dzuwa lija lothawitsa ngakhale abuluzi, ndinalowamo kukaona ngati denga silikudontha. Pansi pa malata anayalamo mphasa za bango, kusiya mpata wa mphepo pamwamba pa khoma, ndipo khonde la kumadzulo analitsitsa mpaka munthu kuwerama polowa. M'katimo munali mozizira ngati m'mtsuko. Ndinakhala pansi pasimenti, thukuta linauma. Kunja ndinkamva mwana wa khanda wa nyumba ya kutsidya kwa njira akulira ndi kutentha, mayi ake akumupepesa ndi katoni, pansi pa malata akuda. M'nyumbamo muli zipinda zitatu. Tuntufye anauza anthu kuti wofuna akhalemo ulere, angosesa pabwalo. Palibe wabwera.